Nkhwangwa pa Khoma la Kumpoto

Winslow, Arizona
10 Malichi 1969

Okondedwa achemwali a Elvina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Amayi ndi wa alamu. Chifuwa cha Amayi chija chinatha, kapena akukanabe kuchipatala n'kumati utsi wa mkungudza ndi wokwanira? Nanga nkhosa zatsala zingati ndi chisanu cha chaka chinochi? Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'malere, ndipo kalata ino ndayamba ndi kung'amba katatu. Mukaitenga kusitolo musaiwerenge mokweza pagulu monga mumachitira. Muyambe mwaiwerenga nokha kukhola.

Za kuno n'zochepa. Mpopi wa pamishoni unaphulika ndi kuzizira, madzi tikutunga kwa aneba. Abusa Halvorsen akulimbanabe ndi chilankhulo chathu cha Chinavaho. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino, koma akati alalikire okha anthu amangoyang'ana nsapato zawo mwaulemu. Choncho ntchito yanga yowamasulira idakalipo. Ndati idakalipo, koma mwina mpaka Isitala basi.

Mukukumbukira tchalitchi chimene ndinakuuzani. Ndine ndinaumiriza abusa kuti tisamange cha makona anayi ngati sitolo, timange chozungulira ngati nyumba zathu, cha mitengo ndi dothi, khomo kuyang'ana kum'mawa. Zaka ziwiri ndinasenza mitengo imeneyo. Anthu amene ankakana kulowa m'holo ya azungu anayamba kubwera, mpaka tinakwana makumi anayi. Ndinkayenda chifuwa patsogolo, sindikubisirani.

Masabata atatu apitawo, mapemphero atangotha masana, kunayamba kugwa chipale chofewa. Panali mkulu wina wochokera cha ku Dilkon amene ankakonda kukhala pafupi ndi mbaula. Dzina lake sindilemba, mukudziwa chifukwa chake, ndipo mundiseke ngati mukufuna: mlaliki wathunthu kuopa kulemba dzina. Mkuluyo anati aimirire koma anagwa, ndipo kupuma kwake kunali kotiuza tonse kuti ulendo wayamba.

Mayi Todacheene, amene amatsogolera nyimbo, anandigwira mkono n'kundiuza kuti timunyamule msanga tikamugoneke panja pansi pa mkungudza, asathere m'nyumba. Ndinakana. Ndinawauza kuti kunja kukuzizira, ndiponso ife a Yesu imfa sitiiopa. Anandiyang'ana n'kunena kuti Yesu amamudziwa kuyambira ine ndisanamere mano, koma nyumba ndi nyumba.

Achemwali, chimene chikundidya ndi ichi. Mkuluyo anandikodola, n'kunena chapansipansi: "Mwana wanga, nditulutse. Ndisakuwonongereni nyumba yabwino chonchi." Ine ndinamufunditsa jekete langa n'kumuuza kuti agone, ali m'nyumba ya Atate wake. Anapempha kawiri. Asanapemphe kachitatu, anatsirizika m'tchalitchi momwemo. Pamene ndinkatukula mutu, m'tchalitchimo tinali titatsala awiri ndi abusa, chitseko chili pululu. Tinamuika m'manda awiriwiri mawa lake.

Lamlungu lotsatira anthu anabwera ndithu, mapikapu onse ndi ngolo ziwiri. Anaima pabwalo, palibe ndi mmodzi yemwe anaponda pakhomo. Abusa analalikira za kuuka kwa akufa ataima pakhomopo, ine ndikumasulira mofuula mpaka mawu anasasa. Anthu anavomera Ameni bwinobwino, anaimba nyimbo zonse, kenako anakwera magalimoto awo. Zachitika chonchi katatu, ndipo dzulo anabwera khumi ndi anayi okha.

A Kee Skeet, dikoni wathu wosasowa chonena uja, anandipeza ndikusesa pabwalo. Anaima patali ngati ndili ndi nthomba, n'kuti: "Iwe Ambrose, unatimangira nyumba ya kwathu kuti tiziimva kukoma, eti? Ndiye lero ukudabwa chiyani tikamaitenga ngati nyumba ya kwathu? Ukanamanga sitolo bwenzi titangokolopa." Ndinapsa mtima chifukwa ananena zoona.

Lachinayi ndinapeza nkhwangwa itatsamiritsidwa pa khoma la kumpoto. Palibe wanena kuti ndi yake. Inu simufunika kuuzidwa tanthauzo lake: ndiboole khomalo monga timachitira ndi nyumba yoferamo munthu, tiisiye igwe yokha, timange ina. Mayi Todacheene akuti ndikatero amuna onse adzabwera ndi mitengo, pofika chilimwe tidzakhala tikuimbira m'nyumba yatsopano. Koma akuti wobowola ndikhale ine, popeza ndine ndinakana.

Abusa nawo akuti ndikangokhudza khomalo ndiye kuti ndalalikira ndi nkhwangwa kuti mzukwa ndi wamphamvu kuposa Khristu, ndipo sangathenso kuima pambali panga. Si munthu woipa, achemwali. Ndi yemwe uja anayenda mtunda wautali m'matope kukatenga mayi wapakati amene anadwala ku Leupp. Ananena zimenezi misozi ili m'maso, n'kundipatsa mpaka Isitala kuti ndiwalowetse anthu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa kale.

Ndikuuzeni zimene abusa sindinawauze. Chichitikireni zimenezi sindinalowemo ndekha m'tchalitchimo. Ndikafuna mabuku a nyimbo ndimadikira abusa atsogole. Popita kukataya phulusa ndimazungulira mbali ya kum'mwera, ngakhale ndi kotalika. Ndimachita manyazi, koma miyendo siimva ulaliki.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ndikudziwa kuti omwalira sitiwatchula, ndikudziwanso kuti Amayi akhoza kukhala masiku anayi osakulankhulani. Komabe muwafunse za tsiku lija limene Atate anatisiya. Inu munali kusukulu ya boma, simunaone. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo amalume anandiuza kuti ndigwire kumiyendo. Tinawatulutsa m'nyumba akupumabe n'kuwagoneka pa chikopa cha nkhosa kuseri kwa khola, mphepo ikuwomba mchenga kumaso kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukhulupirira kuti tinawataya ngati galu pofuna kupulumutsa mitengo ndi dothi. Ndi mkwiyo umenewo umene unandipititsa kwa amishoni, ngakhale chikhulupiriro chenicheni chinandipeza pambuyo pake. Ndi womwewonso unagwira chitseko pamene mkulu uja ankapempha.

Koma mkulu uja sankaopa, achemwali. Nkhope yake ndinaiona. Ankafuna kutisiyira nyumba, monga munthu amasiyira ana ake nkhosa, ndipo ine ndinamulanda mphatso yake yomaliza n'kumati ndikumuchitira chifundo. Ndiye mundifunsire Amayi mawu awa okha: kodi Atate anapempha okha kuti atulutsidwe? Ine ndinali kumiyendo, zonena za kumutu sindinazimve.

Akati ayi, ndidzaima pakhomo ndi abusa mpaka munthu womaliza atasiya kubwera. Akati inde, ndidziwa chochita, ndipo muuze alamu a Delbert ayambe kuyang'ana mitengo yowongoka kuphiri, mundikonzerenso pogona chifukwa mwina ndibwera ndi katundu yense. Musandisankhire yankho lokoma. Ndimakudziwani, munkandibisira ngakhale nkhosa yanga ikadyedwa ndi nkhandwe.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga musanawafunse. Moni kwa amalume, kwa alamu, kwa azakhali a kuchigwa ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene sindinamuonebe. Muyankhe msanga, Isitala yatsala masabata anayi.

Nkhwangwa ija ndaichotsa pakhoma kuti isachite dzimbiri. Ili kuseri kwa chitseko changa, ikudikira kalata yanu pamodzi ndi ine.

Ndine mlongo wanu wosakhazikika,
Ambrose Bitsilly