Dzanja Langa, Voti ya Agogo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi bondo la amayi lija likuwalola kuyenda tsopano? Nanga inu chifuwa chija chinatha, kapena mukadakanabe mankhwala monga mwa nthawi zonse? Ife kuno tili bwino. Alamu anu anenepa moti aboola bowo lina pa lamba, ndipo kamtsikana kathu kagweluka mano awiri akutsogolo koma kuseka sikakusiya.

Munandifunsa pa foni kuti ndinavotera ndani pa chisankho cha pulezidenti, ine n'kuzemba. Pa foni mumandidula pakamwa, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Aka kanali koyamba kuvota chilandirireni unzika wa kuno, ndipo chisankhochi chinangotsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Musade nkhawa, zinatha bwino, mpaka pano ndikamakumbukira ndimaseka ndekha m'basi.

Mukudziwa kuti ndimasamalira agogo aamuna aja, mzungu amene anapuma pa ntchito yoyendetsa sitima ya pamtunda. Maso awo anasiya kuona kalekale. Ndimafika m'mawa, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa mapiritsi, kenako kuwakhazika pa mpando wa pawindo pomwe pali wailesi yawo. Amene anandilemba ntchito ndi mwana wawo wamkazi, wogwira ku banki. Si munthu woipa, koma ndi uja woti akalowa m'khitchini amayamba wapititsa chala pa shelefu asanakupatse moni. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndale ndizizisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Inu simunanditche Kamlomo pachabe, koma lamulo limenelo ndinalisunga.

Opikisana enieni anali awiri. Wina ndi mayi wachizungu, wachikulire, amene wakhala nduna kwa zaka zambirimbiri, ndipo anthu amangoti Mayi Nduna. Winayo ndi bambo wachinyamata, wakuda ngati ife, amene anali mphunzitsi ndipo pa uphungu sanakhalitsepo. Ameneyo amangoti Mphunzitsi. Munthu wakuda anali asanakhalepo pa mpando umenewo kuno.

Palibe amene anandifunsa maganizo anga. Akuda anzanga ku tchalitchi ankangondigwira paphewa n'kumati chaka chino ndi chathu. Azungu a pa siteji ya basi ankasintha nkhani ndikafika. Alamu anu anamata chithunzi cha Mphunzitsi pa firiji, moti pofuna mkaka unkayamba waonana naye maso. Inunso paja munati magazi sanama.

Tsono khalani pansi, achimwene. Ine mtima wanga unali kwa Mayi Nduna. Ntchito yangayi yandiphunzitsa kuopa dzanja losazolowera. Kudzutsa munthu wokalamba pabedi si nkhani ya mphamvu kapena ya chikondi chokha. Ndaonapo atsikana a mtima wabwino akugwa limodzi ndi wodwala chifukwa sankadziwa poponda phazi. Ndinkati dziko nalonso ndi lolemera, alinyamule amene ananyamulapo. Alamu anu nditawauza anandinyanyala mpaka chakudya chamadzulo, koma njala inatiyanjanitsa.

Vuto linayamba chonchi. Munthu wosaona amaloledwa kusankha womuthandiza amene amalowa naye m'kachipinda kovotera n'kumuchongera. Agogo anasankha ine, osati mwana wawo. Mwanayo zinamupweteka. Anandiitanira m'khitchini, n'kutseka chitseko, n'kundiuza motsitsa mawu kuti akudziwa kumene anthu inu mwatsamira, ndipo akadzazindikira kuti voti ya bambo ake yapotozedwa, ntchito yanga idzathera pomwepo.

Mawu akuti anthu inu aja anandilasa, sindikubisirani. Ndikanatha kumuuza kuti ine ndi iye tikuvotera munthu mmodzi, nkhani n'kutha. Koma ndinaona kuti kutero n'kugula ntchito ndi voti yanga, ndiye ndinangoti ndamva. Mantha ndinali nawo, chifukwa ntchito imeneyi ndiyo imatisungira denga kuno, ndipo ndi yomweyo imagula mankhwala a amayi. Komanso agogowo ndinawazolowera, ndimadziwa ngakhale kutsokomola kwawo kwabodza kofuna tiyi wina.

Pa tsiku lovota ndinalawirira kukaponya yanga kudera kwathu, kenako n'kupita kukawatenga. Ndinawapeza atavala kale jekete lawo lakale la ku njanji, mabatani atasemphanitsa, chipewa chili pamutu. Malo ovotera anali holo ya sukulu, yonunkhira choko ndi polishi. Tinayenda pang'onopang'ono, dzanja lina ndodo, lina atagwira chigongono changa. Woyang'anira chisankho anandiuza kuti ndikweze dzanja ndi kulonjeza kuti ndichonga zimene mwini wake wanena ndipo sindidzauza munthu aliyense. Ndinalonjeza.

M'kachipindamo ndinawawerengera mayina onse. Ndikuwerenga choncho, cholembera changa chinali chitaima kale pa dzina la Mayi Nduna. Ndinkati mzungu wokalamba ngati uyu angafunenso ndani. Agogo anandikoka mkono n'kundinong'oneza kuti Mphunzitsi. Ndinawapempha kuti abwereze. Iwo anati ngati wowasamalira wayambanso kugontha ndiye kuti nyumba yatha, n'kubwereza dzina lomwelo.

Dzanja linalemera, achimwene. Ndinaona kuti ndikachonga zoona, ndiye kuti ndachita chimene mwana wawo ankandiganizira. Ndikachonga Mayi Nduna, palibe angadziwe, ndipo munthu wanga apeza voti ina. Koma dzanja lokha ndilo linali langa, voti inali yawo. Ndinachonga Mphunzitsi, n'kupinda pepalalo, n'kulondolera dzanja lawo pa bokosi kuti aponye okha.

Panja mwana wawo ankatidikira pa galimoto. Atawakhazika bambo ake mkati, anandifunsa kuti ndachonga pati. Ndinayankha kuti ndalumbira kusanena. Iye anati yankho limenelo lamukwanira, ndipo ndimalize sabatayo basi. Ulendo wonse wobwerera ndinkangoyang'ana pawindo, misozi ndikuibweza ndi mphuno.

Tinaiwala kuti agogo maso ndiwo anapita, makutu ali moyo. Titakhala patebulo masana, anagogoda mbale ndi supuni n'kunena kuti wofuna kudziwa za voti afunse mwini voti, asavutitse mtsikanayu. Anati avotera Mphunzitsi, ndipo akanakhala ndi mavoti awiri akanamupatsa onse. Apa ndiye ndamasuka kukuuzani, poti analengeza okha. Mwana wawo anandiyang'ana ndi diso loti si izi nanga.

Agogo anapitiriza. Anati pa zaka zonse zimene anayendetsa sitima, sankaopa dalaivala watsopano, chifukwa watsopano amayang'ana nyali iliyonse ya m'mbali mwa njanji, mtima uli m'mwamba. Ankaopa wokhalitsa, amene njanji anailoweza mpaka amayendetsa maso ali gwa koma mutu uli kunyumba. Anati Mayi Nduna akhala akuwamva pa wailesi kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi, ndipo mawu awo ndi a munthu amene anasiya kuyang'ana nyali. Kenako anaulula chimene anandisankhira. Ati ankadziwa kuti mwana wawo angawakonzere votiyo mwachikondi, monga amawakonzera kolala, pomwe mtsikanayu n'zodziwikiratu kuti ali mbali yawo. Anatembenuzira nkhope kumene ndinakhala, kudikira kuti ndivomereze.

Apa Kamlomo anatseguka. Ndinawauza mwaulemu kuti ine ndavotera Mayi Nduna. Agogo anafunsa ngati amva bwino, ine n'kuwakumbutsa kuti paja wogontha ndine. Ndinawafotokozera za atsikana ogwa ndi odwala aja. Iwo anakalipa zenizeni, ati apereka voti yawo m'manja mwa mdani, ati akhala akumetedwa ndevu ndi kazitape. Ukali umenewo ndi umene unandipulumutsa, chifukwa mwana wawo anaona yekha kuti si wopeka.

Atatopa kukalipa ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti ndili mbali ya Mphunzitsi, poti sindinalankhulepo za ndale m'nyumba mwawo. M'malo moyankha, anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuthamangira madzi. Atapuma anati taonani chitsiru ichi, munthu woti saona ngakhale dzanja lake, koma wakwanitsa kuweruza mnzake poyang'ana khungu.

Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mwana wawo anaphimba nkhope ndi manja, makutu atafiira. Nanenso ndinavomera kuti cholembera changa chinali pa Mayi Nduna iwo asanatsegule pakamwa. Tonse atatu tinali titavoterana m'mitima mwathu popanda kufunsana. Pambuyo pake mwanayo anandipeza ndikutsuka mbale, n'kutenga kansalu kumapukuta, chinthu chimene anali asanachitepo. Anapepesa chifukwa cha mawu aja, osazungulira. Anafunsa chifukwa chake sindinamuuze msanga, ndipo nditamuyankha anangogwedeza mutu. Ntchito ilipo, achimwene, ndipo masiku ano moni amayamba, shelefu pambuyo.

Zotsatira munazimva, Mphunzitsi anapambana ngakhale sanasiyane kwambiri. Analengeza m'mawa tikumwa tiyi. Alamu anu anavina m'khonde atavala masokosi okha mpaka aneba anatsegula zitseko. Ine ndinakhala pa mpando ndi nkhope ya munthu woluza. Koma Mphunzitsi atatulukira pa TV kuti alankhule, kamtsikana kathu kanaloza n'kunena kuti tsitsi lake ndi ngati la adadi. Pamenepo misozi inangotsika yokha. Ndinasangalala, sindinama, ndinasangalala kwambiri. Voti yanga sindikuinong'onezera bondo, ndipo Mphunzitsiyo ndizimuyang'anitsitsabe poponda phazi, koma tsiku limenelo mtima sunafunse mutu chilolezo.

Lamulo la ndale lija linachotsedwa. Tsopano ndikangotsegula chitseko, agogo amafuula kuti mtsogoleri wa otsutsa boma wafika. Timakangana pa nkhani iliyonse ya pa wailesi, koma ndimasunga mfundo zanga zamphamvu mpaka nthawi yometa ndevu. Lezala likakhala pakhosi, boma limavomereza zonse.

Dzana anandipempha kuti ndiwafotokozere nkhope ya munthu amene anamuvoterayo. Ndinayang'ana chithunzi m'nyuzipepala n'kuona kuti ndi inu ndithu: chipumi chotakata, mpata wa m'mano, ndi makutu aja amayi amati anamva za mawa. Nditawauza kuti akufanana ndi achimwene anga, anafunsa ngati achimwenewo amadziwa kuyendetsa kanthu. Ndinawauza za tsiku lija munaba njinga ya abambo n'kukatigwetsera mu ngalande, ine ndili pakaliyala. Chipsera chikadalipo pachigongono, ndinawagwiritsa. Koma ndinawauzanso kuti ndinu nomwe munadzapalasa njinga yomweyo mvula ikugwa, amayi ali kumbuyo akudwala, mpaka kuchipatala osaterereka. Agogo anamwetulira n'kundifunsa kuti tsiku la mu ngalande lija abambo akanakulandani njinga mpaka kalekale, amayi akanawanyamula ndani. Ndinayang'ana uku ndi uku, koma lezala linali kutali.

Pempho langa ndi limodzi. Agogo akuti munthu amamudziwa ndi mawu, ndiye akufuna kumva mawu a munthu wofanana ndi pulezidenti wawo. Chonde jambulani moni pa foni, m'chinenero chathu chomwechi, munditumizire, ine ndiwamasulira. Muwafunse za sitima, akondwa. Koma musayambe kampeni, ndipo musawauze kuti ngalande ija inali yaing'ono, chifukwa ine ndawauza kuti inali yakuya.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asamaime nthawi yaitali ndi bondolo. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, kwa azakhali ndi kwa amalume. Alamu anu akupereka moni, akuti inu nokha ndi amene mumawamvetsa pa banja lonse lino. Kamtsikana kathu kakuti kakusungirani dzino limodzi.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Kamlomo,
mtsogoleri wa otsutsa boma m'nyumba ya agogo