Njerwa 46 Pansi pa Mtengo wa Minga

Lolemba, 5 Januwale 2015

Chifunga mpaka 9 koloko. Amuna 31 pa ntchito, madengu a dothi 412. Yanga ndi yomweija, kugwira tepi yoyezera ndi kulemba manambala pa timatumba ta mapale, poti ndinafikako kalasi 5.

Lero Dokotala Farzana, mayi wa ku yunivesite amene akutsogolera zokumbazi, anatiuza kuti pansi pa chitunda chathuchi pali mzinda. Osati mudzi ayi. Misewu yowongoka, zitsime m'nyumba, ngalande za njerwa zotulutsira madzi oipa. Zaka 4,500 zapitazo. Pirano, mlongo wake wa mkazi wanga, anati, "Adi, chemwali, ndiye kuti ife tikuyenda chobwerera? Kwathu madzi oipa amatulukira pakhomo pomwe amalowera alendo." Onse kuseka.

Ndawerengera. 4,500 kuchotsa 2015 kutsala 2,485. Zaka zimenezi zikhala pati, poti chaka choyamba ndi 1? Dok. akuti zimawerengedwa chotsika. Sindinamve. Ndagawa 4,500 ndi zaka 25 za m'badwo umodzi, apezeka agogo 180 otsatizana. Ine ndimadziwa mayina a atatu.

Lachiwiri, 6 Januwale

Tapeza ngalande, yosagumuka ngakhale pang'ono. Dok. akuti tiitsatira mpaka pothera. Zingwe amanga kuloza kum'mawa.

Kum'mawa.

Anzanga akumwa tiyi ndinatenga tepi ndekha. Kuchokera padzenje kufika pa mtengo wa minga uja ndi mamita 14. Timakumba awiri patsiku, Lachisanu sitigwira. Ndiye kuti tifikapo Lachitatu pa 14 Januwale.

Sughra, mwana wathu, wagona pamenepo.

Ndilembe, mwina mutu upepuka. Pa chigumula cha 2010 manda a mudzi anamira, tonse tinathawira pachitunda ndi mbuzi ndi njati zathu zoweta. Mwana anatsegula m'mimba masiku atatu. Anatisiya Lolemba pa 23 Ogasiti, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Ndinakumba ndekha, a shehe anapemphera. Nkhandwe zinali zambiri, ndiye ndinatola njerwa zakale zimene zimangogona paliponse pachitunda, 46, n'kuziyala pamwamba ngati kabokosi. A shehe anamwalira chaka chotsatira. Fumbi lakwirira zonse. Nooran, mkazi wanga, chitsikire nthawi imeneyo sanakwerekonso, ngakhale mbuzi ikathawirako amatuma ena.

Lachinayi, 8 Januwale

Atsala mamita 10.

Ndikanangonena. Koma chikwangwani cha boma chimati kukumba kapena kusuntha njerwa pachitunda ndi mlandu. Ndiponso mlonda amakonda kusimba kuti pa chitunda china atapeza manda, ntchito inatsekedwa tsiku lomwelo. Kaya n'zoona. Amuna 31, tirigu sanache, ntchito ina kulibe mpaka Malichi.

Ndinafunsa Dok. kuti anthuwo anamangiranji mzinda pano. Akuti chifukwa cha mtsinje. Sindhu unkasefukira n'kusiya dothi lachonde, chakudya n'kuchuluka, mpaka ena kusiya khasu n'kumangoumba mbiya, ena kuboola mikanda, ena kuyendetsa mabwato. Madzi akakwera, iwo ankamanga pamwamba pa nyumba zakale, kenako pamwamba pa zimenezonso. Ndiye chitundachi sichinamere chokha, n'cha manja a anthu.

"Mfumu yawo inali ndani?"

"Sitinaipeze."

"Analemba chiyani pa timiyala tozokota timene timatola tija?"

"Palibe amene amatha kuwerenga."

"Anapita kuti?"

Anangoseka. "Ada Khamiso, achimwene, mukadziwa mundiuze."

Ndiye mtsinje womwewo unamanga mzinda, womwewonso unanditengera mwana. Ndipo pouma pamene tinapulumukira anatikwezera ndi anthu opanda mayina. Ndithokoze ndani? Ndikwiyire ndani? Sizikulowa.

Lachisanu, 9 Januwale

Kumzikiti sindinamve kalikonse. Nooran akuti tiyi wanditenthetsera kawiri, kachitatu ndikatenthetse ndekha.

Lamulungu, 11 Januwale

Atsala 6. Madengu 388.

Osesa kutsogolo afukula ngodya ya njerwa zanga. Dok. anagwada, kupukuta ndi kaburashi, kuyang'ana, kuyang'ananso. "Njerwa n'zawo ndithu. Zala zinayi, zisanu ndi zitatu, khumi ndi zisanu ndi chimodzi, monga zonse za mumzinda muno. Koma sizikutsata msewu. Ndipo pakati pake palibe matope. Kodi ichi chinali chiyani?"

Anandiitana kuti ndigwire tepi. Ndinagwira. Masentimita 110 m'litali, 60 m'lifupi. Anandiuza kuti ndilembe nambala 57 pa kapepala, ndinalemba, ndinakhomera.

Pirano anati, "Mmisiri wake uyu anali waulesi ngati mlamu wangayu, onani kupotoka!" Anthu kuseka. Kenako anayang'ana mtengo, n'kuyang'ana ine. Nthawi ya chigumula anali ku Karachi, malowo ndinamuonetsa kamodzi kokha.

Dok. akuti ngalande ikafika pamenepo, achotsa njerwazo imodziimodzi aone za pansi.

Lolemba, 12 Januwale

Atsala 4.

Pirano anandipeza ndikusamba m'manja.

"Mlamu, pakamwa pako anasokapo ndani?"

"Ndikanena atseka ntchito."

"Ukapanda kunena, Lachitatu njerwa yoyamba anyamula ndani? Ine? Pa mwana wa mlongo wanga?"

"Nanga anthu 31?"

"Ndidziwa bwanji ine! Wa masamu ndiwe."

Masamu ake sakutheka. Ndayesa. Mbali ina 31 ndi ana awo, mbali ina mmodzi amene sadyanso. Papepala yankho likuoneka. Ndikatseka bukhu likusowa.

Chinanso chikundizunguza. Sabata yatha tinatulutsa mafupa a munthu wakale, ine ndinalemba nambala pa thumba osamva kanthu. Nayenso alipo amene anamuyalira njerwa? Munthu amasanduka nambala pakapita zaka zingati?

Lachiwiri, 13 Januwale

Atsala 2.

Ndinapita kuhema kwa Dok. Ndinati, "Adi, njerwa zija…" Anati, "Eya, mawa m'mawa, inenso sindikugona nazo." Ine n'kunena kuti timatumba tatsala 19. N'kutuluka.

Madzulo ndinamuuza Nooran akukanda ufa wa chapati. Zonse, kuyambira pa mamita 14. Sanasiye kukanda. Ndinkayembekeza kuti alira kapena anditukwana.

Anangoti, "Mumayamba nthawi yanji?"

"8 koloko."

"Ndipatsireni mchere uko."

Lachitatu, 14 Januwale

Titangoyamba, Pirano anandigwira mkono. Nooran akukwera chitunda, mpango kumaso, mtsuko wa madzi pamutu, monga amachitira amayi popita kukathirira manda. Anadumpha chingwe choyamba, chachiwiri. Makasu onse anaima. Mlonda anayamba kukuwa, Pirano n'kumuimira kutsogolo. "Sain, bwana, khalani pansi, mungatuluke thukuta pachabe."

Nooran anaima pa 57. Sanayang'ane munthu.

Mawu anatuluka pakamwa panga, kaya anachokera kuti. "Adi, njerwazo ndinayala ndine. Zilipo 46. Pansi pali mwana wathu."

Dok. anayang'ana njerwa, n'kuyang'ana kumene kuli Maka, kumene Asilamu timalozetsa maliro, n'kudzigwira pamphumi. Kenako anati, "Liti?"

"Pa 23 Ogasiti 2010. Zaka zinayi, miyezi inayi, masiku 22."

"Ndipo Lamulungu munandigwirira tepi."

"Munandituma, Adi."

Anazula kapepala ka 57 n'kukaika m'thumba mwake. Anatambasula mapu ake aakulu aja, okhala ndi misewu ndi zitsime za anthu akale, n'kundipatsa pensulo. "Lembani dzina lake. Kalembedwe kanu n'kabwino kuposa kanga." Ndinalemba, S anapotoka. Kenako Dok. anazula zikhomo ziwiri za zingwe yekha, n'kukazikhoma mamita atatu kupitirira mtengo. Akuti ngalande tikaipeza kutsogoloko, yadikira zaka 4,500, singathawe lero. Mlonda anati ayenera kukanena kwa akuluakulu. Dok. anati kalatayo alemba yekha. Kaya zitha bwanji. Ntchito sanatseke, lero lokha ndi limene ndikudziwa.

Nooran anatsitsa mtsuko n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono, kuchokera kumutu. Njerwa zinada, fungo la dothi lonyowa linakwera. Madzi otsala anatsetserekera m'dzenje, n'kulowa m'ngalande ija, n'kuyamba kuyenda. Amuna onse 31 anasuzumira. Madziwo anayenda ngati mamita anayi, molunjika, osataikira m'mbali.

Nooran anatsegula mpango pang'ono kuti aone bwino. Anandifunsa motsitsa, "Anamanga ndani zimenezi?"

Ndinati sindikudziwa. Palibe akudziwa.

Anakhala pansi pambali pa njerwa, n'kundiuza kuti ndipite kuntchito, iye akhalako kaye.

Madengu lero sindinawerenge.