Mpando wa Kingi ndi Mbendera ya Bambo Ratilal

BOMA LA MALIPENGA LA LANDANI, KANDE
Zokambirana pa msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Loweruka, pa 9 Ogasiti, 1947
Malo: Pakhonde la sitolo ya Bambo Ratilal Kanji, ku Kande

Opezeka: Ada Killion Manda, wapampando, Ada Overtoun Mhone, Kingi wa gule wathu, Ada Edwin Thole, mphunzitsi, Ada Lameck Kamanga, telala ndiponso woimba ng'oma yaikulu, Ama Beatrice Nyalongwe, mkulu wa amayi oimba, Rodgers Chiumia, mlembi.
Mlendo: Bambo Ratilal Kanji, mwini sitolo.
Osapezeka: Ada Jobe Longwe, ali ku Ruwarwe ndi khoka lawo. Ada Sydney Muwamba anatumiza mawu kuti mutu wawavuta, ngakhale ena anawaona ali bwinobwino pa ukwati ku Tukombo.

1. KUTSEGULA

Ada Thole anatsegula ndi pemphero, lomwe linatalika. Wapampando anati msonkhano uchitike m'Chinyanja, popeza mlendo wathu Chitonga amachimva pa malonda pokha. Ada Mhone anabwera ndi mpando wawo wa Ukingi monga mwa masiku onse, ngakhale mabenchi analipo okwanira.

2. PEMPHO LA BAMBO RATILAL

Bambo Ratilal anaimirira nati Lachisanu likudzali, pa 15, dziko lakwawo la India liyamba kudzilamulira lokha ndipo likweza mbendera yakeyake. Anati Amwenye anzawo akakumana ku Limbe, koma sitima ya panyanja sibwera sabata ino, ndiye iwo sangafike. Anati pano pa Kande ali okha ndi mkazi wawo ndi ana awiri, ndipo mbendera yokwezedwa ndi anthu anayi kuseri kwa sitolo ingaoneke ngati chovala choyanika. Choncho anapempha kuti boma lathu lidzavine patsogolo pa sitolo pa tsikulo.

Wapampando anafunsa mwaulemu ngati dziko lalikulu chotere lingadziyendetse popanda Mngerezi. Funsoli likanapanda kufunsidwa tikanaweruka msanga. Bambo Ratilal anafotokoza kuti kwawo sitima zapamtunda akuyendetsa ndi Amwenye, zitsulo akusungunula okha, ndipo ali ndi madokotala, oweruza milandu ndi masukulu aakulu awoawo. Anagwira kabudula wa khaki wa wapampando nati nsalu imeneyo inalukidwa ku Bombay. Anatinso ziro amene Ada Thole amaphunzitsa ana anachokera ku India.

Ada Thole anati ku sukulu ya Mishoni ku Khondowe sanaphunzire choncho. Ada Kamanga anati iwo akukhulupirira, chifukwa ziro ameneyo amamupeza m'thumba mwawo nthawi zonse akatuluka m'sitolo ya Bambo Ratilal. Onse anaseka, mlendo yemwe.

Bambo Ratilal anaonetsa mbendera, imene Ada Kamanga anasoka pakhonde lomwelino. Ili ndi mtundu wa lalanje pamwamba, woyera pakati, wobiriwira pansi, ndi gudumu pakatikati. Ada Kamanga anapempha kuti zilembedwe kuti gudumulo analisoka kawiri chifukwa mwiniwake anati loyamba linkaoneka ngati la njinga yogwa m'dzenje.

3. MBENDERA YA ANGEREZI

Ada Thole anakumbutsa komiti kuti boma lathu limayenda pambuyo pa mbendera ya Angerezi, ndipo dzina lathu lomwe ndi Landani, likulu la Angereziwo. Anati tikaisiya, mbiri ifika kwa Bwana Disi ku Chintheche dzuwa lisanalowe, ndipo woyamba kufunsidwa adzakhala iwo, wantchito wa Mishoni. Bambo Ratilal anati sakufuna kuika munthu m'mavuto, koma mbendera imeneyo aiona moyo wawo wonse, tsiku limodzi lokha ipumeko.

Ama Nyalongwe anati amuna akuvutika ndi nkhani ya sopo. Anati mbendera yathu siinachapidwe chibwerere ku mpikisano wa ku Chintheche, ndipo ikununkha usipa. Anati iwo aichapa Lachisanu m'mawa, ndipo nsalu yolemera chotere siuma msanga.

Ada Thole anafunsa ngati singachapidwe Lachinayi. Ama Nyalongwe anati Lachinayi ali ndi chinangwa choti avuule.

Chogwirizana: mbendera ichapidwe Lachisanu.

4. CHAKUDYA

Ama Nyalongwe anafunsa kuti ovina adzadya chiyani, popeza woitana gule amapha mbuzi, ndipo aliyense akudziwa kuti kunyumba kwa Bambo Ratilal sikulowa nyama kapena nsomba. Bambo Ratilal analonjeza mpunga, nyemba, tiyi wa shuga wambiri ndi zotsekemera zimene mkazi wawo wayamba kale kukazinga. Ada Kamanga anafunsa za tsabola, nati mwezi watha analawa ndiwo za kunyumbako ndipo anaona makolo awo amene anamwalira kalekale.

Chogwirizana: tsabola aikidwe pambali. Wofuna kondowole ndi nsomba akadyere kunyanja gule atatha.

5. LAMULO LA WOLANDIRA GULE

Wapampando anati tsopano tafika pa fupa. Anakumbutsa komiti lamulo limene maboma onse a malipenga kuno amasunga: boma silivinira munthu wamba, limavinira boma linzake. Pofika alendo, Kingi wa eni malo amakhala pampando, ovina amamuchitira sawatcha, iye amayendera mzere kuona ngati masokosi ndi malaya ali oyera, kenako malipenga amalira. Popanda Kingi wolandira palibe gule. Anati tikaswa lamuloli anzathu a ku Tukombo adzatipekera nyimbo yakuti Landani yayamba kuvinira shuga.

Ada Kamanga anati nkhaniyi njosavuta: Bambo Ratilal avekedwe Ukingi wa tsiku limodzi, mkazi wawo ndi ana akhale boma lawo. Ambiri anawomba m'manja.

Bambo Ratilal anakana. Anati: "Abale anga, simunandimve. Kwathu anthu amangidwa, ena afa, kuti munthu asamaime patsogolo pa mnzake chipewa chili m'manja. Ndiye ine Lachisanu lomwelo ndikhale pampando, inu muzindichitira sawatcha? Mkazi wanga adzandiseka mpaka kumanda."

Wapampando anati ngati ndi choncho komiti ilibe mphamvu, lamulo ndi lamulo. Bambo Ratilal anati amva, ndipo sakwiya. Anayamba kupinda mbendera yawo pang'onopang'ono. Mlembi akuvomera kuti zinamumvetsa chisoni.

Apa Ada Mhone anapempha kulankhula za ku nkhondo ya ku Burma. Wapampando anati nkhani imeneyo komiti inaimva kale kambirimbiri. Ada Mhone anati mbali iyi sinamvekepo.

Anati atavulala mwendo anawatengera ku chipatala cha asilikali ku India. Dokotala wamkulu m'chipindamo anali Mmwenye wamfupi, wadazi, ndipo Ada Mhone anaona ndi maso awo msilikali wachizungu akumuchitira sawatcha. Ena ankati mwendowo udulidwe, koma dokotalayo anakana, nausamala mpaka unachira. Tsiku lotuluka anawafunsa kuti mwendowo akaugwiritsa ntchito yanji kwawo. Iwo anayankha kuti kwathu timavina. Dokotalayo anaseka nati: "Ukadzamva kuti India wakweza mbendera yake, udzandivinireko."

Ada Mhone anati chibwerere sanavinepo, chifukwa anangofika n'kuvekedwa Ukingi, ndipo Kingi amangokhala. Anati: "Mwendo uwu ngwangongole." Kenako anaimirira, ananyamula mpando wawo, nauika patsogolo pa Bambo Ratilal. Anati lamulo likufuna kuti pampando pakhale wolandira sawatcha, koma silinena kuti akhale ndi ndevu. Mbendera ya India ija iyalidwe pampando, ilandire ulemu wa boma lonse, kenako ikwezedwe. Iwo adzatenga lipenga lawo lakale la chikho n'kulowa mumzere ngati wina aliyense.

Mlembi akufuna zidziwike kuti mpando umenewu Ada Mhone anakaniza ngakhale abusa pa tsiku la Khirisimasi.

Ada Thole anafunsa kuti nanga adzayendera mzere ndani, poti mbendera ilibe maso. Ama Nyalongwe anati ana awiri a Bambo Ratilal maso ali nawo, ndipo wamng'onoyo salekerera kanthu. Ada Kamanga anafunsa ngati Ada Mhone akukwanabe m'kabudula wawo wakale. Ada Mhone anati funso limenelo n'lachipongwe, koma telala akawaone mawa akaweruka ku tchalitchi.

Chogwirizana, popanda wotsutsa: boma la Landani lidzavina Lachisanu masana patsogolo pa sitolo.

Bambo Ratilal anaimirira kuti athokoze. Anangoti "Yewu, Ada, yewu ukongwa," m'Chitonga chimene sichinali cha malonda. Anapukuta m'maso nati ndi utsi wa fodya wa wapampando. Wapampando sasuta.

6. ZINA NDI ZINA

Wapampando anatuma Ada Kamanga kuti akadule nsungwi yaitali, yowongoka, yokwezera mbendera. Ama Nyalongwe anapempha kuti gule akatha nsungwiyo aitenge iwo, akayanikirepo zovala.

Bambo Ratilal anati ayi, nsungwiyo boma liisunge bwino padenga, pomwe chiswe sichifika. Anati nawonso agogo awo sankakhulupirira kuti tsiku lotere lingafike. Anati: "Tsiku lanu likadzafika, mtengo mudzakhala muli nawo kale. Nsalu yake mudzasankha nokha, ndipo mitundu yonse ndili nayo m'sitolo."

Ada Thole anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe, ndipo wapampando anavomera. Mlembi anali atalemba kale, ndi inki.

7. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Komiti idzakumananso Loweruka pa 23 Ogasiti, kwa Ada Manda. Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 5 koloko madzulo ndi pemphero la Ama Nyalongwe, lomwe linali lalifupi. Ada Mhone anapita kwawo chimanjamanja, mpando atausiya m'sitolo kudikira Lachisanu.

Killion Manda, Wapampando

Rodgers Chiumia, Mlembi