Bondo la Mada

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Esinati, mwana wanu wapakamwa uja. Kuno ku Hamilton, ku Canada, kuzizira kwayamba kale, masamba onse athothoka. Ntchito ndikadali pompaja, yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza, zomwe ndinalephera kukuchitirani inuyo chifukwa cha kutalikaku. Zimandiwawabe, koma lero sindinabwerere zimenezo.

Ndiyambe ndi zabwino. Kwathu ku Ntcheu kachewere wachita bwino chaka chino, moti alongo anu, amalume a Gervazio, anasowa pomuika. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akuti mawunso watengera inu, akalira mudzi wonse umadzuka. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, koma alikonza.

Tsopano za mzime wanu Mada. Mukukumbuka pamene timu ya mpira inamuitana kuno, munapita ku positi ofesi kukandiimbira lamya? Munati, "Esinati, miyendo ndinamupatsa iwiri yokha, ina ndilibe. Uziyang'anira." Amayi, ndalephera kuiyang'anira, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera.

Timu yakeyo ndi yaing'ono. Malipiro amalandira ndithu, koma masewera awo saonetsedwa pa kanema, ndipo chilolezo chake chokhalira kuno chinamangiriridwa pa timuyo. Ikamusiya, nachonso chatha. Kwathu kunayamba manong'onong'o akuti za mpirazo n'zabodza, mwana wa mayi Nambewe amangotsuka mbale za azungu. Mukudziwa mmene nkhani zimayendera, zinafika mpaka kuno. Mada sanayankhe, koma ndinaona kuti zamulowa.

Ndiye kuno kuli mwambo wina. Nyengo ya mpira ikatha, amasankha osewera amene achita bwino m'matimu onse, n'kuwagawa pawiri kuti asewere okhaokha. Palibe chikho, palibe mapointi. Wopambana ndi wogonja amakadyera limodzi. Osewera eni akewo amatsutsana chaka ndi chaka ngati masewerawa ali ndi phindu, ndipo ochenjera amanamizira chimfine. Koma ndi okhawo amene amaonetsedwa pa kanema. Chaka chino anasankha Mada.

Anabwera kunyumba akuvina pakhomo, ine n'kuyang'ana bondo. Bondo lakumanzere linali litatupa kwa nthawi ndithu. Kochi sankadziwa, chifukwa ndinali ine womukulunga nsalu ndi kumuikira madzi oundana akaweruka.

"Mada, masewera opanda chikho ukathyokerenji mwendo?" ndinamufunsa. "Auze kuti wadwala, anzako amatero."

"Achemwali, ndikanena za bondo, chaka chamawa andisiya. Ndikanamizira chimfine, aziti Mmalawi uja ndi wamatama. Mukufuna nditani?"

"Upume."

"Ndipume, kwathu azinenabe kuti ndimatsuka mbale? Amayi amwalira osandionapo ndikusewera. Bola amalume andione."

Ndinaganiza zopita ndekha kwa dokotala wa timu kukaulula, mpaka ndinavala jekete. Koma kuulula kunali kumukweza ndege ndi manja anga, ndipo kukhala chete kunali kumupereka. Ndinavula jekete ija. Kenako ndinachita zanu zija za nthawi ya mayeso, ndinamubisira nsapato za mpira. Ndinaziponya m'makina ochapira zovala. Sanachedwe n'komwe kuzipeza. Anaseka mpaka kugwira khoma, amvekere, "Amayi ankabisa m'nkhokwe, pansi penipeni pa chimanga. Inu luso mulibe." Nanenso ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba.

Tinagwirizana ndi a Tembo, bambo wina wa ku Chipata amene amakhala ku Oshawa, tauni ina ya konkuno, kuti atijambulire masewerawo pa tepi ya vidiyo. Mlamu wawo ankanyamuka mawa lake kupita ku Lilongwe, ndiye anati tepiyo ampatsira yemweyo kuti ikafike kwa amalume.

Ndinapita kubwaloko pa basi. Amayi, mukanaona masewera ake mukanafunsa kuti anthuwa akudya malipiro a chiyani. Akuluakulu ndevu pepeya akupatsana njira, kusekererana, wina akabwera ndi mpira mnzake n'kumupatukira. Aliyense ankasunga miyendo yake. Mada ankadziwa kuti amasewera choncho, anzake anamuuza. Koma mwanayu munamulera inu, amene munkati, "Ntchito ya dzanja limodzi pakhomo pano sindiifuna." Kuonjezera apo ankadziwa kuti a Tembo akujambula. Ankathamanga yekha bwalo lonse, thukuta kamukamu. Mpira wina unkatuluka kunja, wopanda aliyense woufuna, iye anauthamangira. Anaupeza, n'kutembenuka. Palibe anamukhudza, Amayi. Anangogwa yekha, ndipo kukuwa kwake ndinakumva ndili pamwamba penipeni.

Anamunyamula pa machira. Kuno wosewera akamatuluka atavulala, anthu onse amaimirira n'kumuombera m'manja, ndi ulemu wawo. Bwalo lonse linaimirira. Anaomba nthawi yaitali, ine ndikutsika masitepe ndikulira, kukankha anthu amene ankaombera mlongo wanga.

Amuchita opaleshoni. Dokotala akuti kuyenda adzayenda, za mpira sakulonjeza. Kochi anabwera kamodzi kudzasiya malaya amene Mada anavala tsikulo, koma za chaka chamawa sanatchule, ndipo ife tikuopa kufunsa. Ntchito ina Mada saloledwa kugwira, chilolezo chake n'cha mpira basi. Kubwerera kwathu ndi ndodo akukana. Tikukhala m'chipinda chapansi pa nyumba ya eni, chimene zenera lake lili molingana ndi msewu. Mada amakhala pamenepo tsiku lonse, mwendo uli pampando, kuonerera miyendo ya anthu ikudutsa. Ine ndikaweruka kotembenuza okalamba ndimadzatembenuza iye. Nthawi zina ndimamukalipira popanda chifukwa, kenako ndimakalirira kubafa.

Za tepi ija tinaziiwala. Tili kuchipatala, a Tembo anachita zimene tinapangana, anaipereka. Nditakumbukira, inali itapita kale. Ndinkangodikira lamya ya maliro a bondo.

Lamya inabwera Lamlungu lapitali. Amalume, mawu ali m'mwamba: "Esinati! Mwanayo ali pompo? Watichotsa manyazi!"

Anandifotokozera kuti anatenga tepi ija kupita nayo ku nyumba yoonetsera mavidiyo pa Boma, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Koma makina a kuno ndi a kwathu sagwirizana, ife sitinkadziwa. Chithunzi sichinaoneke, inali mizeremizere yokha. Mawu a wolengeza ankamveka ngati munthu akulankhulira m'madzi, Chingerezi chake osachitola. Chimene ankatola ndi dzina. Mada, Mada, Mada, kangapo konse, chifukwa ndi yekhayo ankathamanga. Kenako dzina lija motsatizana, kenako bwalo lonse m'manja osalekeza.

"Tinadziwiratu kuti wagoletsa," anatero amalume. "Azungu onse aja kuombera mwana wathu! Tinabwezera pamenepo mpaka mwini makina anatithamangitsa. Aja ankati amatsuka mbale akuyenda chowerama."

Akuti anapha nkhuku. Akutinso tsiku lolambula kumanda anaima pamutu panu n'kukuuzani kuti mzime wanu wagoletsa chigoli ku Canada.

Ine wapakamwa uja, Amayi, zoona sindinawauze. Ndinangoti, "Zikomo amalume, ndimuuza." Anafuna kulankhula naye, ndinati wapita kokonzekera masewera. Anali pomwepo, ndodo zake zili pambali.

Nditaika lamya ndinamufotokozera zonse. Ndinkaganiza kuti akwiya. Koma anangotembenukira pazenera paja. Ine ndi mkwiyo wanga ndinamufunsa funso limene ndinkalisunga chigonekereni m'chipatala: "Ndiye wapindulanji? Masewera aja anali oyenera mwendo wako?"

"Sindikudziwa, achemwali," anatero. "Kuno ngakhale amene anapambana aiwalika kale. Kwathu kokha ndi kumene masewera aja akuwerengedwa." Kenako anati, "Musawauze. Chigoli chimenecho ndisiyireni, ndi chokhacho chimene ndatsala nacho."

Ndiye ndili pakati, Amayi. Amalume akufunsa kuti tepi ina ibwera liti, ndipo akufuna akasinthitse yoyambayo ku Blantyre kuti chithunzi chioneke. Tsiku limenelo likadzafika adzaona machira. Kuwauza ndikulephera, chifukwa ndikhala ndamulanda mwanayu kawiri. Kunama nakonso kukundidwalitsa.

Koma inu sindingakusiyeni ndi bodza. Zimene anakuuzani kumanda zija si zoona. Mwana wanu sanagoletse. Anathamangira mpira wopanda mwini ndi mtima wake wonse, mmene munamuphunzitsira, ndipo anagwa. M'manja mokhamo ndi mmene munali moona, anamuomberadi, ndinaona ndi maso anga.

Nsapato zija zili m'chikwama changa cha kuntchito, pansi penipeni. Ulendo uno sanazifunefune.

Tsalani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kuposa kale. Mwendo umodzi wandipulumuka, koma wotsalawu ndiuyang'anira, ndipo tsiku limene chithunzi chidzaoneke kwathu, Mada sadzayankha yekha.

Ndine mwana wanu,
Esinati