Tsiku Limene Ndinagwetsa Bokosi la Kingston

Ongata Rongai,
Nairobi.
14 Okutobala, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Magdalene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti bondo la amayi lasiya kuvuta. Ine ndilipo, kungoti maminibasi a ku Rongai, amene kuno amati matatu, andikalambitsa. Mudabwa kuona kalata yapamanja chikhalirecho timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Nkhani iyi ndayesa kawiri kuinena, koma ndimangothera kukufunsani za mvula.

Kubungwe kumene ndimayendetsa galimoto ku Westlands kwapezeka malo a woyang'anira chitetezo. Ndi ntchito yokhazikika, yoti ndingathe kuitanitsa Tamanda ndi amake tidzakhale pamodzi, mwanayo asamangondidziwira pafoni. Mkulu wa gawolo ndi a Dunstan, Mmalawi mnzathu amene anapuma usilikali ali meja. Anandiitana muofesi nati, "A Jobe, ntchitoyi ndi yanu. Ingondipatsani chikalata chimene munatulukira nacho kuusilikali."

Ndinawapatsa. Anawerenga, navula magalasi. Paja chimanena kuti ndinachotsedwa mwamanyazi chifukwa choledzera pantchito.

"Pole sana, achimwene," anatero, kundipepesa m'Chiswahili. "Ndi pepala ili, ngakhale pageti sangakuikeni."

Koma ndi munthu wabwino. Anandifotokozera kuti ndingathe kuchita apilo kulikulu la asilikali kwathuko kuti mawuwo asinthidwe, chikalatacho chingonena kuti ndinatuluka. Pakufunika umboni wa dokotala ndi wa abusa woti mowa ndinasiya, ndipo umenewo ndili nawo, poti chaka chino n'chachinayi ndisanalawe ngakhale dontho. Koma akuti cholemera kuposa zonse ndi kalata ya munthu amene ndinamulakwira. Malowo andisungira mpaka kutha kwa Novembala basi.

Achemwali, munthuyo ndi a Vailet, akazi a malemu Kingston. Ndinakunamizani. Sanali malungo.

Kingston anafera m'manja mwanga kuntchito yosungitsa mtendere kuja, ndipo kuchokera pamenepo mutu wanga sunalinso bwino. Atandisankha kukhala mmodzi wa onyamula bokosi lake, ndinachita mantha kuti ndilira pamaso pa anthu nditavala yunifomu. Mmawa wa tsiku loika maliro, adzukulu ena anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nandipatsa kachasu, amvekere, "Imwani pang'ono bwana, mtima ulimbe." Pang'onoyo anafika makapu anayi.

Inu simunaone bwino chifukwa munali kumbuyo ndi amayi a Mvano. Asilikali tikanyamula mnzathu timayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi tonse asanu ndi mmodzi, ndipo wina akaphonya onse amasokonekera. Ine ndinali kutsogolo kumanzere. Ndinaponda ndi phazi lolakwika, mwendo n'kupindika. Bokosi linatsetsereka n'kumenya pansi ndi kumutu. Mbendera inagwera m'matope, chipewa chake n'kugubuduzika mpaka pamapazi pa mwana wake. A Vailet sanakuwe. Anabwera, nagwada kuti andidzutse poganiza kuti ndakomoka, ndipo m'pamene anamva fungo. Akuluakulu atawafunsa, ananena zimene anamva basi.

Ine ndinabwera kunyumba ndi nkhani ya malungo ndi chizungulire, inu n'kuikhulupirira ndi mtima wonse. A Vailet munawatcha abodza pamaso pa mpingo. Munatuluka mukwaya chifukwa iwo anali momwemo. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukupatukirana panjira ndi mayi wamasiye amene munkasinthana naye zitenje, zonsezo pomenyera nkhondo bodza langa. Ichi chimandiwawa kuposa pepalalo. Ndili ndi manyazi, achemwali, ndipo mukandikwiyira ndiye kuti mwachita bwino.

A Dunstan akuti ndisachedwe. "Tumizani munthu ndi nkhuku yopepesera," anatero, "fomu ya umboni wawo ikhale m'thumba. Akangolandira nkhuku, aitulutse asaine. Nthawi palibe." Iwo akuona kalendala, ndipo sindikuwadzudzula. Koma ine ndakhala nayo nkhaniyi masiku asanu ndi atatu, mpaka dzana ndinapitirira pamalo potembenukira ku Kitengela ndili ndi alendo m'galimoto. A Vailet si mwana. Ine amene ndakhala chete zaka zonsezi, lero nditulukire nkhuku kudzanja ili, pepala kudzanja linalo, adzati chiyani? Adzati Jobe wakumbukira mwamuna wanga chifukwa ntchito yamuthina. Ndipo adzakhala akunena zoona, chifukwa pakanapanda a Dunstan kuvula magalasi aja, mwina bwenzi ndikadali chete mpaka lero.

Choncho pempho langa ndi ili. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu amene ndili naye ndinu. Tengani tambala woyera uja wa kwa amayi, mupite ndi amalume monga mwa mwambo. Mukagwade m'malo mwanga, mukanene kuti iwo ananena zoona, wabodza ndinali ine. Akalola, zikanenedwenso kumpingo kumene ananyozedwera. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe akamve.

Za apilo mukawauze poyera kuti zilipo, asadzazimvere kwa ena. Koma fomu sindinaiike muenivelopu muno, ndipo musakawapemphe kanthu. Apiloyo nditumiza ndi maumboni awiri aja, ndipo ndalembamo ndi dzanja langa kuti ndinali woledzera. A Dunstan apukusa mutu, akuti mwayi wake ndi wochepa kwambiri. Ndikuopa, sindikubisirani. Tamanda ndinamulonjeza kale kuti Khirisimasi ino adzadyera kuno, ndipo sindikudziwa kuti ndimuuza bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa amalume. Amayi muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe ndime ngakhale imodzi pofuna kuwateteza. Ndipo a Vailet akakana nkhukuyo, musakangane nawo, musawachonderere. Mungofunsa ngati angalole kuti ndikadzabwera ndidzalambule pamanda a Kingston, chifukwa tsiku lija anandichotsapo asanamutsitse, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene anagona.

Ndine mlongo wanu,
Jobe.