Masiku a Mayi Otsala M'kompyuta

Lolemba, 3 Juni

Wogulitsa nyuzipepala wanditsanzika lero. Akuti mumsewu wathu ogula tatsala awiri, ine ndi telala, ndipo sangamakwere chitunda ndi njinga chifukwa cha anthu awiri. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akundibweretsera. Ndamugwira chanza monga kuyenera.

Masana kunabwera mwana wanga Namwino, ali mu yunifolomu. Wavundukula kompyuta ya malemu mayi ake, imene ndinaiphimba ndi nsalu tsiku limene tinachokera kumanda. Akuti nyuzipepala ndikuilirayo ili m'menemo. Ndamukumbutsa kuti ndinagwira ukalaliki zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu popanda chinthu chimenechi, ndipo fayilo sinasowepo ndi imodzi yomwe. Iye: "Bambo, mafayilo anuwo chiswe chinadya kalekale. Takhalani pansi."

Patebulopo pali mipando iwiri. Wa Mayi, wa khushoni, ndi wina wa kukhitchini umene sindidziwa kuti unadzatani pabalaza. Wandikhazika pa wa Mayi. Sindinakondwe nazo.

Phunziro: kachizindikiro kozungulira ndi burawuza, ndilo khomo lolowera pa intaneti. Kudina kawiri. Mzere woyera wa pamwamba, polemba keyala kapena funso. Muvi woloza kumanzere, wobwerera kumene wachokera.

Mausi, chodinira chija, yaperepeseka pamene pankakhala chala cha Mayi. Changa sichikwanapo bwino.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndayesa ndekha. Pamzere woyera ndinalemba motere: Okondedwa Bwana, ndalemba pofuna kupempha kuti mundipatseko nyuzipepala ya lero, ngati nkotheka. Kwabwera zachabechabe, zitsanzo za makalata ofunsira ntchito. Ndinaimbira Namwino. Anaseka mpaka kutsamwa. "Si bwanamkubwa ameneyo, Bambo. Mawu awiri basi, osapereka moni."

Ndinafufuta, nkuyambanso. Nditangolemba zilembo ziwiri, k ndi u, pansi pa mzerewo panatsika mawu okha, ndisanawalembe: kutupa mimba ndi kuonda msanga.

Si mawu anga. M'nyumba munalibe wina.

Ndinachotsa manja. Ndaiphimbanso ndi nsalu. Tiyi wazizira m'kapu osamwedwa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndafunsa Namwino pafoni, mozungulira, osatchula chimene ndinaona. Akuti burawuza imakumbukira zimene munthu analembapo ndi masamba amene anatsegula. Wandilondolera: timadontho titatu pakona, kenaka mawu akuti mbiri. Anawonjezera kuti iyi sisunga mpaka kalekale, imasunga za miyezi ngati itatu, za m'mbuyo zimafufutika zokha.

Ndatsegula. Ndi kaundula weniweni, wosungidwa bwino: tsiku, nthawi, tsamba. Pamwamba kalata yanga yochititsa manyazi ija. Kenaka palibe kanthu, Meyi yense, Epulo yense. Kenaka 16 Malichi.

Ndinaphimba mizereyo ndi chikhatho, osawerenga.

Ndilembe pano poyera, pakuti bukuli ndi langa. Pa 16 Malichi, Loweruka masana, Mayi anandiitana ali patebulo lomwelo: "A Kalaliki, tabwerani ndikuonetseni kanthu." Ndinali ndi nyuzipepala. Ndinayankha kuti mawa. Mawa lakelo anagwa kukhitchini. Masabata atatu m'chipatala, mawu osamveka. Pa 9 Epulo anatisiya. Sindidziwa chimene ankafuna kundionetsa. Tsopano chili apo, pansi pa chikhatho changa.

Fayilo imawerengedwa kuyambira pepala la pansi. Ndatsika mpaka kumapeto: 7 Malichi. Ndiyamba mawa, maso atopa.

Lachinayi, 6 Juni

Tsiku la pansi lero ndi 8 Malichi. La 7 kulibe. Ndafunafuna, ndatseka, ndatsegulanso. Kulibe.

Choncho tsiku lililonse likacha, tsiku limodzi la Mayi likuchoka. Atsala asanu ndi anayi.

Ndatenga rula ndi cholembera chofiira. Kumapeto kwa buku lino ndajambula madanga atatu, monga tinkachitira ku ofesi. Ndikopera mzere uliwonse ndi dzanja, ndipo tsamba lililonse ndilitsegula ndi kuliwerenga, pakuti kalaliki sakopera chimene sanachione. Pa 8 Malichi anatsegula masamba makumi atatu ndi limodzi. Ndamaliza dzuwa litapendeka. Tsiku limodzi lawo likundidyera tsiku limodzi langa.

Loweruka, 8 Juni

Ankadziwa.

Pa 9 Malichi Mayi analemba dzina la matenda awo, zilembo zonse molondola. Dzina lomwelo dokotala anatiuza pa 20 Malichi pakhonde la chipatala, motsitsa mawu, ngati nkhani yatsopano. Pa 10 Malichi, nthawi ya 10:40 m'mawa: munthu amakhala miyezi ingati. Ndikukumbukira m'mawa umenewo. Ndinawadzudzula chifukwa cha batani la malaya limene anasokerera ndi ulusi wosiyana mtundu. Anati pepani.

Namwino sindimuuza. Amasamala odwala otere tsiku ndi tsiku, ndipo mwa mayi ake sanaone kanthu. Akadziwa kuti zinali poyera chonchi, sadzadzikhululukira.

Ndaphunzira china popanda wondiuza. Pamasamba pali mawu odinapo, abuluu. Amene munthu anadinapo kale amasintha mtundu nkukhala apepo, ofiirira. Ndikatsegula tsamba ndimaona pamene Mayi anaponda ndi pamene analambalala. Analambalala zonse zonena za mankhwala ndi opaleshoni.

Lolemba, 10 Juni

12 Malichi. Za matenda zatha. Tsopano izi:

zakudya zosavuta kuphika munthu mmodzi
kuchapa malaya oyera osawononga kolala
mwamuna wamasiye kukhala yekha zoopsa zake

Inki yadontha pa danga lachiwiri. Sindinadonthezepo inki m'kaundula chiyambire ntchito.

Masana ndili kuchipinda ndinamva kudina, kawiri, pabalaza. Ndinapita. Nsalu ili m'malo mwake. Mwina ndi wotchi ya pakhoma. Koma wotchi sigunda kawiri nkuleka.

Ndikhoza kukwera pamwamba lero lomwe, nkuwerenga za pa 16, nkuthana nazo. Ndadziuza kuti dongosolo sililola. Ndikudziwa kuti si dongosolo lokha limene likundiletsa. Ngati anafuna kundiuza za matenda awo, ine nkuwayankha kuti mawa, ndidzakhala bwanji m'nyumba muno?

Mutu ukuwawa. Kuzizidwa.

Lachinayi, 13 Juni

Masiku awiri pabedi, thupi lotentha. Namwino anandipeza Lachiwiri m'mawa ndikudzandira kupita patebulo. Anazula chingwe cha kompyuta nkuika m'chikwama chake. "Poyamba munkaikana, lero mukufuna kufera pomwepo? Nyuzipepala sithawa, Bambo."

Ndinamukalipira. Mawu amene sindinawalankhulepo kwa mwana wanga, ngakhale ali wamng'ono. Analira, osadziwa chimene walakwa. Chingwe wabweza lero, wachisiya pakhomo osalowa.

13 ndi 14 Malichi apita. Palibe amene adzadziwe. Ndasiya masamba awiri opanda kanthu, ndalemba madeti okha pamwamba.

Pa 15 Malichi pali mzere umodzi wokha: nyengo ya mawa. Ankafuna kuchapa makatani. Ali pomwepo mpaka lero, osachapidwa.

Mawa ndi pa 16. Ndikapanda kuwerenga mawa, ndiye kuti basi.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinameta ndevu, ndinavala tayi. Ndinakhala pansi nthawi ya 8 koloko.

Ndikopera monga zilili.

2:10 masana: kuphunzitsa nkhalamba youma mutu kugwiritsa ntchito intaneti
2:12 masana: kuphunzitsa munthu wachikulire kugwiritsa ntchito intaneti

Anasintha mawuwo. Ngakhale pamaso pa makina sanafune kundinyoza.

Tsamba limene anasankha ndi la maphunziro khumi a anthu achikulire, a zilembo zikuluzikulu. Ndalitsegula. Pamwamba penipeni, malangizo kwa wophunzitsa: ikani mpando wachiwiri pambali panu, ndipo musamulande mausi wophunzirayo ngakhale achedwe.

Ndinatembenuka kuyang'ana mpando wa kukhitchini uja. Miyezi itatu ndakhala ndikuuzungulira posesa.

Phunziro loyamba, kutsegula burawuza: lapepo. Lachiwiri, kulemba keyala: lapepo. Lachitatu, kubwerera m'mbuyo. Lachinayi, kufufuza. Onse apepo. Anawerenga okha poyamba, kukonzekera, monga mphunzitsi wabwino. Kaundula akuonetsa kuti pa 3:05 anabwereranso ku phunziro loyamba. Ndiyo nthawi imene anandiitana. Mzere wotsiriza ndi umenewo.

Phunziro lachisanu ndi labuluu. Mutu wake: kusunga tsamba kuti lisatayike. Sanafikepo.

Sanafune kundiuza za imfa. Anafuna kuti akachoka ndisatsale ngati mlendo m'nyumba mwanga. Ola limodzi lokha anapempha.

Sindinadine phunziro lililonse, kuopa kuponda pa mapazi awo. Ndakhala ndikuyang'ana mizere inayi yapepoyo mpaka Namwino anaimba kufunsa ngati ndamwa mankhwala. Ndamupepesa. Ndamupempha abwere mawa madzulo. Ndaganiza zomuonetsa buku lino, masamba onse, ndi opanda kanthu omwe. Anali mayi ake. Ndalakwa kumubisira, monga iwo analakwa kutibisira.

Loweruka, 15 Juni

Maphunziro onse khumi ndi abuluu.

Kaundula tsopano akuyambira pa 3 Juni. Muli ine ndekha, ndi kalata yanga yopita kwa Bwana.

Khushoni ndaikonza bwino pa mpando wawo. Ine ndasamukira pa wa kukhitchini. Ndi waufupi, ndipo chingwe cha mausi chikungofika movutikira, koma ndi umene anandiikira.

Nthawi ndi 3:05. Muvi uli pa phunziro loyamba. Ndanena mokweza, m'nyumba mopanda munthu, ndipo sindikuchita nazo manyazi: Mayi, ndabwera. Tandionetsani.