Matemba a mu Pungwe

Samanga, Honde Valley
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Jonasi,

Ndine Fainesi, musadabwe. Zaka makumi awiri ndi zisanu n'zambiri, koma zolemba zanga muzizindikira, zikadali zokhotakhota. Kuno tili bwino, mawondo okha ndiwo akana ntchito yothyola tiyi. Kaya inu ndi alamu ku Mulanjeko?

Nditakwatiwa ndi a Tapson, Mmanyika wa konkuno uja, inu munati ana a mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe si mbumba yanu, n'kukwera basi kubwerera kumudzi. Mawu amenewo anandipweteka, achimwene. Ndiye mwana wanga Ruvimbo atayamba kufunsa za kwathu, ndinamuuza kuti malume ake anamwalira. Inde, ndinakuphani ndi pakamwa pangapa, ndipo manyazi andigwira.

Ruvimbo pano ali ku yunivesite, amaphunzira za nsomba. Mwezi watha anabwera kudzagwira matemba mumtsinje wa Pungwe. Ine ndinamutsatira ndi poto, iye ati ayi, si a ndiwo. Amangodula kachidutswa ka chipsepse, n'kuponya m'kabotolo, nsombayo n'kuibwezera m'madzi. Ndinati sukulu yakuzunguza mutu iwe.

Anaseka. Akuti m'thupi muli tizinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa mitokondiriya, timene nsomba imatenga kwa make yekha, kwa bambo ayi. Akatiyeza amadziwa ngati matemba a mitsinje iwiri anachokera kwa gogo mmodzi wamkazi.

"Nanga anthu?" ndinafunsa.

"Chimodzimodzi, amai. Tanga n'tanu, tanu n'ta agogo. Ngakhale malemu achimwene anu anali nato tomweto."

Poto anandipulumuka m'manja. Ndinamuuza zoona pomwepo pamtsinje, ndipo masiku awiri sanandilankhule. Kenaka anabwera ndi mapu. Aphunzitsi ake akufuna anthu okatenga matemba a mumtsinje wa Ruo kwanuko kuti ayerekeze ndi athu kuno, ndipo iye walembetsa dzina.

Afika pa Muloza kumayambiriro kwa Okutobala. Ine mukhoza kundisungirabe mkwiyo, koma mwanayo alibe mlandu. Chinyanja chake n'chopindika, musamuseke kwambiri. Akakutchulani "sekuru" musati wakukalambitsani, kuno malume ndiye sekuru. Tsiku lililonse akuyeserera kunena "malume", koma ndimamudziwa, akakuonani aiwala zonse.

Moni kwa alamu, ndi kwa ana anu amene ngakhale mayina awo sindiwadziwa. Ruvimbo akadzaitana pakhomo panu, achimwene, ndi mawu aliwonse amene amutulukire, chonde mudzavomere.

Ine mlongo wanu,
Fainesi